Chotupa cha m'khosi chomwe sichinamve mankhwala a TB: lipoti la bambo wazaka 31

Lipotili likunena za bambo wazaka 31 amene anatumizidwa kwa ife atamwa mankhwala a TB kwa miyezi itatu chifukwa cha anabere otupa kumanzere kwa khosi. Mankhwalawo ankamwa mosadumphitsa, koma chotupa chinkangokulirakulira. Pamapeto pake zinadziwika kuti ndi khansa ya anabere ya mtundu wa Hodgkin, itafika kale pa gawo lachitatu. Ndikhalitsa pa mmene tinawayezera thupi, chifukwa pafupifupi zonse zimene zinatilozera njira tinazipeza ndi maso ndi zala, iwo atavula malaya, tisanawatumize ku makina alionse.

Mbiri ya matenda

Bambowa anati kachotupako anakazindikira miyezi 7 m'mbuyomo akumeta ndevu. Kanali kakang'ono, kosapweteka, ndiye sanakaikire kumtima. Patatha miyezi iwiri, akazi awo ndi amene anawakakamiza kupita kuchipatala ataona kuti batani la pakhosi la shati silikumangikanso. Anapatsidwa maantibayotiki kawiri konse koma palibe chinasintha. Kenako panabwera chifuwa, kutentha thupi kobwera n'kuchoka, ndi thukuta la usiku. Timakhololo tochepa timene anakwanitsa kutulutsa tinayezedwa ndi makina oyezera TB a GeneXpert, TB osapezeka. Chotupa chinabayidwa ndi singano yaing'ono kuti atengemo timadzi, ndipo zotsatira zinangonena kuti muli maselo ooneka ngati akulimbana ndi matenda wamba. Poona kuonda, thukuta ndi chifuwa, amene ankawathandiza anawayambitsa mankhwala a TB.

Ganizo limenelo ine sindilitsutsa. Kumene TB ili yochuluka, ndiyo imatsogola pa zifukwa za mwanabere wa m'khosi amene wakhalitsa, ndipo makhololo opanda kachilombo satanthauza kuti TB ya m'anabere palibe. Chimene chinandiwawa mumtima ndi khadi lawo la mankhwala. Ulendo uliwonse sikelo inalembedwa, mapiritsi anawerengedwa, tsiku lobweranso linaikidwa. Koma kukula kwa chotupa, chomwe chinali chifukwa chenicheni choyambira mankhwalawo, sikunalembedwe pena paliponse, ngakhale tsiku loyamba. Nanga pamenepo munthu angadziwe bwanji ngati mankhwala akugwira ntchito? Chonsecho sikelo yokhayo inali itanena kale zambiri. Miyezi 6 m'mbuyomo ankalemera makilogalamu 64, poyamba mankhwala 59, tsiku limene tinawaona 55. Ndiye kuti anali atatsika ndi pafupifupi 14 peresenti, ndipo kutsikako sikunaime atayamba kumwa mankhwala.

Pa za thukuta ndinafunsa mwatsatanetsatane, chifukwa pafupifupi aliyense amavomera kuti amatuluka thukuta usiku. Akazi awo ndi amene anayankha: “Adokotala, awa amadzuka zofunda zitanyoweratu, mpaka timachita kusintha pakati pa usiku, ngakhale kukuzizira.” Thukuta lotere ndi limene timaliwerengera.

Zinthu ziwiri sanazitchule okha. Choyamba ndi kuyabwa thupi lonse, makamaka miyendo, kumene iwo ankati n'chifukwa cha mapiritsi a TB. Mapiritsiwo amayabwitsadi, koma nditawafunsa kuti akumbukire bwino, anavomera kuti anayamba kudzikanda mwezi wathunthu asanawayambe. Chachiwiri chinatuluka pofunsa za mowa. Ndinati, “Bambo, mowa mumamwa?” Iwo anati, “Ndinasiya kalekale, mankhwala ndisanayambe n'komwe. Ndikangolawa pang'ono, pachotupapa pamabaya mpaka m'phewa, pasanathe mphindi zingapo.” Ululu wa m'anabere munthu akamwa mowa supezeka mwa odwala ambiri, koma ukapezeka umaloza kwambiri ku Hodgkin. Anawonjezeranso kuti chifuwa chimakula akagona chagada, moti anali atayamba kugonera mapilo awiri.

Sanakhosomolepo magazi, sanakhalepo ndi wodwala TB m'nyumba, ndipo sasuta fodya. Anayezetsa HIV kawiri m'miyezi imeneyi, osapezeka nako. Ndinafunsanso za mankhwala amene amatupitsa anabere, monga phenytoin ndi carbamazepine a khunyu, za kukandidwa ndi mphaka, zilonda za kumaliseche, kuvutika pomeza, kusintha kwa mawu, kupweteka m'mimba ndi chimbudzi chakuda. Zonsezi anakana.

Kuyeza thupi

Ndinawafotokozera kuti ndiyeza thupi lonse, kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kuphatikizapo m'khwapa ndi kumaliseche, ndipo ndinanena chifukwa chake. Anavomera. Namwino anali pomwepo, katani itatsekedwa, kuwala kokwanira. Anabere sayezeka bwino polowetsa zala pa kolala. Malaya ayenera kuchoka. Bambowa anandiuza okha kuti chiyambire kudwala, aka kanali koyamba kuuzidwa kuti avule.

Thupi linali lotentha madigiri 38.3, mtima ukugunda ka 98 pa mphindi, mpweya m'magazi 97 peresenti, BP 112/70. M'maso munali moyera, kusonyeza kuchepa magazi, koma chikasu munalibe, zomwe n'zofunika kuonetsetsa mwa munthu amene ali pa mankhwala a TB. Pamiyendo ndi m'mikono panali mikwingwirima ya zikhadabo, ina yatsopano ina yopola, popanda totupa ta pakhungu. Pakati pa zala panalibe zizindikiro za mphere.

Ndisanakhudze ndinayamba ndayang'ana. Atakhala tsonga pampando, khosi la kumanzere linali lodzaza kuyambira chapakati kutsikira m'munsi. Kadzenje kamene kamakhala pamwamba pa fupa lopingasa m'munsi mwa khosi, lija timalitchula clavicle, kanali katafufutika kumanzere pomwe kumanja kankaonekabe. Khungu pamwamba pa chotupa linali labwinobwino: losafiira, losanyezimira, lopanda kabowo kotuluka mafinya kapena chipsera.

Khosi ndimaliyeza nditaima kumbuyo kwa wodwala, mutu wake utawerama pang'ono kuti minofu ifewe. Ndimagwiritsa ntchito nsonga za zala zitatu zapakati, kuzungulira pang'onopang'ono, kukanikiza khungu pa mnofu kapena fupa lili pansi pake kuti mwanabere agubuduke pansi pa chala. Kutsina kapena kubaya ndi chala chimodzi kumangothamangitsa mwanabere. Ndondomeko ndi imodzi tsiku lililonse: pansi pa chibwano, pansi pa nsagwada, pakona ya nsagwada, kutsogolo kwa khutu, kuseri kwa khutu, kunkhongo, kenako kutsika kutsogolo ndi kumbuyo kwa mnofu waukulu wochokera kuseri kwa khutu kukafika pa clavicle, n'kumalizira m'kadzenje kaja. Mbali ya mtsempha waukulu wa pakhosi ndimayeza imodziimodzi, osakanikiza mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Ndipo chotupa chooneka ndimachisiya komaliza. Dzanja likangofika pa chinthu chachikulu, mutu umakhutira msanga n'kuiwala kufufuza kwina.

N'chifukwa chake ndinayambira kumanja, kumene iwo ankati kulibe kanthu. Pansi pa nsagwada, kumakutu ndi kunkhongo kunalibedi. Koma m'kadzenje ka pamwamba pa clavicle, nditawapempha kuti akweze mapewa pang'ono n'kukoka mpweya wambiri, ndinamva mwanabere wa sentimita 1.5 atabisala kuseri kwa fupa. Kumanzere kunali gulu la anabere osachepera asanu m'munsi mwa khosi. Wamkulu anali masentimita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi, poyeza ndi tepi, osati pongoyerekeza ndi maso. Wina wa masentimita 2.5 anali m'kadzenje ka kumanzere. Onse anali olimba koma obwerera ukawakanikiza, ngati chofufutira pensulo. Sankapweteka, sanali otentha, ankasuntha pansi pa khungu, ndipo ngakhale anali atayandikana, chala chinkatha kulowa pakati pa wina ndi mnzake. Malo ofewa osonyeza mafinya panalibe.

Zimenezi zili ndi tanthauzo. Mwanabere wa bala kapena zilonda za pakhosi amakhala wofewa, wotentha, wopweteka, ndipo amaphwa pakatha milungu yochepa. Anabere a TB akakhalitsa amamatana kukhala chibumi chimodzi, pakati n'kufewa popanda kutentha, kenako amaboola khungu n'kumatuluka mafinya osaleka. Khansa yochokera ku chiwalo china imapereka mwanabere wolimba gwa, womatirira pa khungu kapena pa mnofu. Khansa ya anabere eni ake imapereka zimene ndinazimva mwa bambowa. Komatu zala sizitchula dzina la matenda. TB ikangoyamba kumene nayonso imakhala ndi anabere olimba, osamatana. Chimene chinandikayikitsa n'chakuti awa anali atatha miyezi 7, atakula chonchi, osafewa ndiponso osamatana.

Mwanabere wa pamwamba pa clavicle, kaya akhale wamng'ono bwanji, ine sindimamutenga ngati wamba. Chifukwa chake chili m'mayendedwe a madzi a lymph. Madziwa amatsalira m'minofu magazi akadutsa, amasonkhana m'timitsempha ting'onoting'ono, n'kusefedwa m'anabere mazanamazana amene ali m'magulu thupi lonse, asanabwerere m'magazi. Ochokera ku miyendo yonse, m'mimba, ndi mbali ya kumanzere ya chifuwa, mkono ndi mutu amakwera mu mtsempha umodzi wotchedwa thoracic duct, umene umakathira m'magazi m'munsi mwa khosi kumanzere. Ndiye khansa ya m'chifu, ya m'matumbo, ya impso kapena ya machende imatha kuonekera koyamba pamalo amenewa. Rudolf Virchow anafotokoza zimenezi mu 1848, ndipo Charles Troisier anazitsindikanso mu 1889. Kumanja kumalandira makamaka zochokera m'mapapo, pakati pa chifuwa ndi njira ya chakudya. Mwanabere aliyense ali ndi dera lake limene amalisefera, choncho ukamupeza wotupa, uyenera kuyendera dera lonselo. Mwa bambowa madzenje onse awiri anali ndi anabere, kutanthauza kuti chifuwa, mimba ndi kumaliseche zonse zinafunika kuyezedwa.

Ndi tochi ndinayang'ana m'kamwa: mano, usinini, pansi pa lilime, matonsi ndi kudenga kwa kamwa, kumene mawanga a khansa ya Kaposi amakonda kubisala. Munalibe kanthu. M'mutu munalibe zilonda kapena zipere, m'makutu munali mouma, ndipo chithokomiro chinali chosatupa.

M'khwapa ndimo anthu ambiri amayeza mwachidule, mwina chifukwa cha thukuta kapena chifukwa wodwala amagiligishika n'kuumitsa mkono. Ndinawauza kuti atsamiritse mkono wonse pa mkono wanga, aulekerere, kuti minofu ya m'khwapa ifewe. M'khwapa mwa kumanzere ndimalowetsamo dzanja lamanja, mwa kumanja lamanzere. Zala ziyenera kukwera mpaka pamwamba penipeni, n'kutsika zikukanikiza pa nthiti, kenako kufufuza kuseri kwa mnofu wa kutsogolo, kutsogolo kwa mnofu wa kumbuyo, ndi m'mbali mwa fupa la mkono. Kumanja kunalibe kanthu. Kumanzere, pamwamba penipeni, panali mwanabere wa masentimita 2, wolimba mofanana ndi a m'khosi aja. Mwini wake anadabwa, anati, “Kodi kumenekonso kuli china?” Mkono ndi dzanja zinalibe bala loti n'kufotokoza kutupako. Mabere ndinawayezanso, pajatu khansa ya bere imagwiranso amuna, ndipo munalibe chotupa.

Pamwamba pa chigongono chamkati, masentimita awiri kapena atatu kuchokera pa kafupa kotulukira kaja, pali anabere amene nthawi zambiri samveka. Akamveka n'kupitirira theka la sentimita popanda bala padzanja, timaganizira chindoko, HIV, matenda otupitsa minofu otchedwa sarcoidosis, kapena khansa ya anabere. Mwa bambowa sanamveke.

Atagona chagada ndinayeza m'mphechepeche, mzere wopingasa wa m'munsi mwa mimba ndi wotsika m'kati mwa ntchafu. Mbali zonse ziwiri kunali tianabere tosakwana sentimita imodzi, toterera, tosapweteka. Totere timapezeka mwa akuluakulu ambiri athanzi chifukwa cha mabala akale a kumapazi, ndipo pamalo amenewa mpaka sentimita 1.5 sitidandaula kwenikweni. Kuseri kwa mawondo kunalibe kanthu, miyendo inali yosatupa. Machende onse awiri anali osalala, opanda chotupa. Apa pali chinthu chimene ambiri amasokoneza: lymph wa machende sapita m'mphechepeche, amakwera kukafika ku anabere a m'kati mwa mimba, m'mbali mwa mtsempha waukulu wa aorta. Ndiye mphechepeche yabwino sichotsa kufunika koyeza machende.

Kapamba ndimayamba kumufufuza kuchokera m'munsi mwa mimba kumanja, kudutsa pa mchombo kulowera ku nthiti za kumanzere, chifukwa amakula molowera kumeneko, ndipo ukayambira pafupi ndi nthiti ukhoza kuika dzanja pamwamba pa kapamba wamkulu osazindikira. Dzanja limakhala chete, wodwala n'kukoka mpweya, kapamba n'kubwera yekha kudzagunda zala. Mwa bambowa anagunda zala masentimita 3 pansi pa nthiti. Anali wolimba, wosapweteka, wotsika pokoka mpweya, ndipo zala sizinkatha kulowa pakati pa iye ndi nthiti, zomwe zimamusiyanitsa ndi impso yotupa. Pogogoda m'nthiti za m'munsi kumanzere, pamene pamayenera kumveka mphako, panamveka mogontha. Kapamba amayenera kukula kuwirikiza kawiri kapena kuposa kuti amveke ndi dzanja, choncho masentimita atatuwo sanali nkhani yaing'ono. Chiwindi chinali chosakula, m'mimba munalibe madzi kapena chotupa china chomveka.

Anabere a pakati pa chifuwa sakhudzika, koma amasiya zizindikiro. Mitsempha ya pakhosi inali yodzaza pang'ono ngakhale atakhala tsonga. Pogogoda pamwamba pa fupa la pachifuwa panamveka mogontha kupitirira m'mbali mwake. Ndinawapempha kuti akweze manja onse m'mwamba, mikono ikhudze makutu, kwa mphindi imodzi. Isanathe mphindiyo nkhope inadzaza, maso anafiira, mitsempha ya pakhosi ndi pachipumi inatukuka, ndipo iwo anati mutu ukulemera. Atatsitsa manja zonse zinabwerera. Ichi ndi chizindikiro cha Pemberton, chosonyeza kuti pakhomo la chifuwa pali chinthu chimene chikupanikiza mitsempha yobweza magazi kumtima. Mapapo ankamveka bwino mbali zonse, ndipo pokoka mpweya panalibe kaphokoso ka kholingo lopanikizika.

Zonsezi ndinazijambula pa chithunzi cha thupi m'faelo, mwanabere aliyense pamalo pake, kukula kwake ndi tsiku.

Zimene tinaganiza

Chithunzicho chitatha, chinaonetsa njira yooneka bwino: khosi, pamwamba pa clavicle, pakati pa chifuwa, m'khwapa, kenako kapamba. Hodgkin imakonda kuyenda choncho, kuchoka gulu lina kupita loyandikana nalo, pomwe mitundu ina ya khansa ya anabere imalumphalumpha. Tikaphatikiza msinkhu wawo, kuyabwa, ululu wa mowa ndi mmene anabere ankamvekera, Hodgkin inakhala pamwamba. TB yosamva mankhwala sitinaichotse, ngakhalenso khansa zina za anabere, khansa ya m'magazi, sarcoidosis ndi khansa yochokera ku chiwalo china. Anabere a HIV amatupa mofanana mbali zonse ziwiri ndipo sakula chonchi, komanso bambowa analibe kachilomboko.

Kalata yowatumizira inali ndi ganizo lina lofunika kuliyankha bwino. Inati mwina ndi kutupa kuja kumene kumachitika mwa ena akayamba mankhwala a TB, chitetezo cha m'thupi chikamalimbana ndi zotsalira za tizilombo takufa, ndipo inafunsa ngati tingawapatse mankhwala ochepetsa kutupa a prednisolone. Kutupa kotereku kulipodi, anabere amatha kukula ngakhale kuphulika mankhwala akugwira ntchito bwinobwino. Koma munthu wake amakhala akuchira kwina konse: thupi lasiya kutentha, akudya, sikelo ikukwera. Bambowa ankaipiraipira. Ndipo prednisolone akanatisokoneza kwambiri, chifukwa amaphwetsa khansa ya anabere kwa kanthawi. Aliyense akanasangalala kuti chotupa chachepa, matenda akupitirira m'kati, komanso mnofu wokayeza ukanakhala wovuta kuwerenga. Tinagwirizana kuti asalandire mankhwala a mtundu umenewu mpaka mwanabere atachotsedwa n'kukayezedwa.

Zoyeza zina

X-ray ya pachifuwa inaonetsa chotupa pakati pa mapapo, chopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a m'lifupi mwa chifuwa chonse, mapapo eni ake ali oyera. Hemoglobin, imene imaonetsa kuchuluka kwa magazi, inali yotsika pa 9.8, ndipo maselo oyera anali okwera. Pa maikulosikopu magazi analibe maselo a khansa ya m'magazi. Chiwindi ndi impso zinkagwira ntchito bwino. HIV, hepatitis B ndi C, chindoko ndi malungo sizinapezeke. Sikani ya m'mimba inaonetsa kapamba wa masentimita 15 wokhala ndi timadontho takuda tingapo m'kati, ndi anabere otupa m'mbali mwa aorta.

Kubayanso ndi singano sitinakuone kothandiza. Mu Hodgkin, maselo a khansa amakhala ochepa kwambiri pakati pa khamu la maselo abwinobwino amene abwera kudzalimbana nawo, moti singano imatha kutenga abwinowo okhaokha. Zikuoneka kuti n'zimene zinachitika poyamba paja. Katswiri woyeza minofu amafuna kuona mwanabere wathunthu ndi mmene wamangidwira. Tinapempha dokotala wa opaleshoni kuti achotse wamkulu wofikirika, osati kakang'ono ka pamwamba kosavuta kutenga, chifukwa tating'ono ta m'mphepete kawirikawiri timangoonetsa kutupa wamba. A m'mphechepeche tinawapewa pa chifukwa chomwecho. Tinatsindikanso kuti opaleshoni ichitike ndi mankhwala ochititsa dzanzi pamalopo, iwo atakhala chotsamira, osawagoneka tulo. Munthu wa chotupa chachikulu pakati pa chifuwa akagonekedwa, minofu yopumira ikafooka, chotupa chimatha kugwera pa njira ya mpweya kapena pa mitsempha ya mtima, ndipo pamenepo kumupulumutsa kumavuta. Zimene manja okwezedwa aja anationetsa ndi zimene zinatichenjeza. Mwanabere wa masentimita 2.5 wa m'munsi mwa khosi anachotsedwa wathunthu. Theka linaikidwa mu mankhwala osungira mnofu a formalin, theka lina m'madzi a mchere kuti likayezedwe TB, popeza formalin amapha tizilombo. Pa fomu tinalemba mbiri yonse ndi zimene tinkaganizira.

Zotsatira zinati ndi Hodgkin ya mtundu wa nodular sclerosis, yokhala ndi maselo a khansa otchedwa Reed-Sternberg oonetsa zizindikiro zotchedwa CD30 ndi CD15. Zizindikiro za TB mu mnofuwo munalibe, GeneXpert sinapeze kanthu, ndipo pambuyo pake pomeretsa tizilombo sipanamere kanthu. TB ndi khansa ya anabere zimatha kukhalira limodzi mwa munthu mmodzi, choncho tinakambirana ndi anzathu a TB tisanaimitse mankhwala. Popeza umboni wa TB sunapezekepo chiyambire, komanso rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena a khansa, tinagwirizana zowaimitsa n'kumayang'anitsitsa.

Ndimakumbukira kawirikawiri kuti Thomas Hodgkin, pofotokoza matendawa mu 1832 ali pa Guy's Hospital ku London, anadalira zimene anaona ndi maso pa anabere ndi kapamba wa odwala 7. Maselo aja anadzafotokozedwa patapita zaka zambiri, ndi Carl Sternberg mu 1898 ndi Dorothy Reed mu 1902. Anabere ndi kapamba zomwezo ndi zimene tinazimva ndi zala mwa bambowa.

Sikani ya CT inatsimikizira zonse ndipo sinaonetse matenda m'chiwindi, m'mapapo kapena m'mafupa. Potsatira magawo oonetsa kufalikira kwa matendawa otchedwa Ann Arbor, a mu 1971, monga anakonzedwanso ku Lugano mu 2014, matenda opezeka kumtunda ndi kumunsi kwa nembanemba yolekanitsa chifuwa ndi mimba ali pa gawo lachitatu. Chilembo B chimawonjezedwa ngati pali kutentha thupi kopitirira madigiri 38 kosadziwika chifukwa, thukuta lonyowetsa zofunda, kapena kutsika sikelo kupitirira 10 peresenti m'miyezi 6. Iwo anali nazo zonse zitatu. Kuyabwa ndi ululu wa mowa siziwerengedwa pa chilembo chimenechi ngakhale zimathandiza kuzindikira matenda. Choncho tinalemba kuti gawo III B, ndi chotupa chachikulu cha pakati pa chifuwa.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi akuti kuyamba mankhwala a TB popanda umboni wa ku labu n'kololeka nthawi zina, koma kuyenera kuyenda ndi lonjezo lolembedwa: lero mwanabere ndi wamkulu chakuti, tidzayezanso pakatha milungu 4 mpaka 8, ndipo ngati sanaphwe kapena munthu sakupeza bwino, tidzachotsa mmodzi kukayeza. Kwa wina aliyense, mwanabere wopitirira masentimita 2, wokhalitsa kupitirira milungu 4 mpaka 6 popanda chifukwa chooneka, wa pamwamba pa clavicle, wolimba, wopezeka m'magulu awiri kapena kuposa otalikirana, kapena wobwera ndi kuonda ndi thukuta, sayenera kulandira maantibayotiki kachitatu.

Kuwauza ndi chithandizo

Tinawauza ali ndi akazi awo, titakhala pansi, chitseko chotseka. Atamva mawu akuti khansa anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa, “Ndiye miyezi itatu yonseyi ndimamwa mankhwala a matenda omwe ndilibe?” Ndinawayankha kuti inde, umboni umene tili nawo tsopano ukusonyeza choncho, ndipo matenda awiriwa amafanana kwambiri poyamba. Ndinawauzanso zoona zina zimene anayenera kuzimva tsiku lomwelo: Hodgkin ili m'gulu la khansa zimene zimachizika kwambiri, ngakhale itafika pa gawo limeneli, bola munthu amalize mankhwala onse pa nthawi yake. Akazi awo anafunsa ngati matendawa ndi opatsirana kwa ana. Tinawatsimikizira kuti ayi.

Madokotala a khansa anasankha ABVD, kuphatikiza kwa doxorubicin, bleomycin, vinblastine ndi dacarbazine, kumene gulu la Gianni Bonadonna linayambitsa ku Milan m'zaka za m'ma 1970. Amalandira kudzera m'dilipi pa tsiku loyamba ndi la 15 la masiku 28 alionse, maulendo otere 6. Asanayambe anayezedwa mtima ndi sikani chifukwa cha doxorubicin, ndipo anauzidwa kuti bleomycin amatha kuwononga mapapo, choncho chifuwa chatsopano kapena phuma azinena msanga. Tinakambirana za nseru, kuthothoka tsitsi, kubereka m'tsogolo ndi kufunika kolera pa nthawi ya mankhwala. Anauzidwa kuti thupi likatentha kufika madigiri 38 abwere tsiku lomwelo, usiku kapena usana, osadikira tsiku la pakhadi.

Pa ulendo uliwonse timatulutsa chithunzi chija ndi tepi, malaya n'kuchoka, n'kuyenda njira yomwe ija kuyambira pansi pa chibwano mpaka kuseri kwa mawondo. Atamaliza mwezi woyamba thukuta la usiku linatha, kuyabwa kunachepa, ndipo anabwerera ku pilo imodzi. Atamaliza wachiwiri, mwanabere wamkulu uja anali sentimita 1.5, wa m'khwapa ndi wa kumanja sankamvekanso, kapamba anali atabwerera pansi pa nthiti, ndipo pokweza manja kwa mphindi yathunthu nkhope sinasinthe. Sikelo inali pa makilogalamu 58, hemoglobin 11.2. Polemba lipotili ali pa mwezi wachinayi. Akamaliza wachisanu ndi chimodzi adzajambulidwanso, ndipo madokotala a khansa adzaona ngati chotsalira cha pakati pa chifuwa chikufunika kuwotcha ndi radiotherapy. Kutentha thupi kapena chifuwa zikabweranso, tidzafufuza TB mwatsopano, chifukwa matendawa pamodzi ndi mankhwala ake amafooketsa chitetezo cha m'thupi.